Mamita 2,500 olembedwa pabotolo la vinyo: kodi ndalama yanu ikugula chiyani?

Funso: Ndili ndi malo ang'onoang'ono ogona alendo m'mbali mwa nyanja ku Salima, ndipo timaphikanso chakudya chamadzulo. Vinyo wofiira amene timagulitsa ndi wa ku South Africa, wa mtengo wapakatikati. Mwezi watha bambo amene amatibweretsera zakumwa anandionetsa vinyo wofiira wa mphesa za mtundu wa Malbec wochokera ku Salta, m'dziko la Argentina. Akuti amapangidwa ndi banja lina lomwe lili ndi kamunda pamwamba pa mapiri, ndipo pabotolo alembapo kuti mphesa zake zimalimidwa pamalo okwera mamita oposa 2,500. Botolo limodzi mtengo wake ukufanana ndi mabotolo anayi a vinyo amene ndimagula masiku onse. Kodi phiri limasinthadi vinyo, kapena ndi nyambo yokokera ndalama basi? Nanga ndikagula ndimusunga bwanji ndi kutentha kwathu kuno? Ndine mayi wa ku Salima.

Yankho: Mayi, phiri limasinthadi vinyo, pamenepo bamboyo sanakunamizeni. Koma nambala ili pabotoloyo ikungokuuzani kumene mphesa zinakulira. Siikukuuzani ngati mlimi anakolola pa tsiku loyenera, ndipo siikukuuzaninso zimene botololo lakumana nazo panjira kuchokera ku Argentina kudzafika pakhomo panu. Ine ndagwira ntchito yosankha ndi kuperekera vinyo m'malesitilanti a ku Cape Town ndi ku Johannesburg kwa zaka zambiri, ndipo vinyo wa kumapiri amene anandikhumudwitsa, nthawi zambiri vuto lake linali pa zinthu ziwiri zimenezi.

Tiyambe taona kuti mamita 2,500 ndi kutalika kotani. Muyeso umenewu amayambira kuwerenga pa nyanja yamchere. Nyanja yathu, pamene pali malo anuwo, ili pa mamita pafupifupi 470. Lilongwe ali cha m'ma 1,050, boma la Dedza cha m'ma 1,600. Nsonga ya Nganda ku Nyika ili pa mamita 2,600 ndi pang'ono, ndipo Sapitwa pa Mulanje ndi 3,002. Choncho munda akuunenawo uli ngati utalimidwa pamwamba penipeni pa Nyika. Ku Salta komweko kuli munda wina wotchedwa Altura Máxima, wa kampani ya Colomé, umene uli pa mamita 3,111. Ndiye kuti munthu amene ali chiimire pa Sapitwa akanafunika kukwerabe mamita ena 100 kuti akathyole mphesa zimenezo.

Chimene chimachitika munthu akamakwera mukuchidziwa kale ngati munadutsapo msewu wa Khwekhwelere kuchoka ku Golomoti kupita ku Dedza. Pansi mumanyamuka thukuta lili kamukamu, pofika pamwamba mwayamba kufunafuna juzi. Pa mamita 1,000 alionse kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Koma kwa mphesa chachikulu ndi kusiyana kwa usana ndi usiku. M'zigwa za Calchaquí ku Salta, kumene kuli matauni a Cafayate, Molinos ndi Cachi, mpweya ndi wouma komanso wopepuka moti susunga kutentha. Masana dzuwa limaswa mtengo, likangolowa kumazizira msangamsanga, ndipo si zachilendo kuti usana ndi usiku zisiyane ndi madigiri 20.

Nayi ntchito ya kusiyanako. Masana masamba amapanga shuga n'kumutumiza m'zipatso. Usiku chipatso chimapitirizabe kupuma, ndipo kukakhala kotentha chimawotcha asidi wake, uja amachititsa kuti chipatso chiziwawasa pang'ono. Kumalo kumene usiku kumatentha, mphesa ikamafika popsa asidi amakhala atatha, ndipo vinyo wake amakhala wolemera, wotopetsa, ngati madzi a zipatso amene akhalitsa padzuwa. Kukamazizira usiku, kupumako kumachepa, asidi amatsala. Zotsatira zake n'zakuti chipatso chimapsa bwinobwino koma chikadali ndi kuwawasa kumene kumatsitsimula m'kamwa. Kupsako kumachedwanso, ndipo fungo limakhala ndi nthawi yokhwima. Alimi a khofi ku Misuku ndi ku Viphya sangadabwe nazo, paja khofi wa arabica amakoma kwambiri akalimidwa kumtunda pa chifukwa chofanana ndi chimenechi, kuti amapsa mosafulumira.

Chinanso ndi cheza cha dzuwa. Cheza chija chimawaula khungu, chimene amachitcha UV, chimakula ndi magawo 10 mpaka 12 pa 100 alionse munthu akakwera mamita 1,000. Mphesa nayo imadziteteza. Imakhwimitsa khungu lake n'kulidzaza utoto wakuda. Anthu ambiri sadziwa kuti madzi a m'kati mwa mphesa ya Malbec si ofiira. Mutafinya n'kutaya makoko nthawi yomweyo mungapeze madzi otuwa. Kufiira konse kumachokera m'makoko, amene amawasiya m'madzimo kwa masiku kapena masabata pamene vinyo akuwira. M'makoko momwemo ndi m'njere muli tannin, chinthu chimene chimaumitsa ndi kukhakhalitsa m'kamwa ngati mwaluma nthochi yaiwisi kapena mwamwa tiyi wowiritsa kwambiri wopanda mkaka. Kumapiri mphesa zimakhalanso zing'onozing'ono, ndiye makoko amachuluka poyerekeza ndi madzi. N'chifukwa chake Malbec wa ku Salta akathiridwa mu tambula amaoneka wakuda bii, wopita ku pepo, moti simungaone chala chanu kuseri kwake. Fungo lake limakhala la zipatso zakuda, maluwa, ndi zitsamba zouma za m'phiri.

Mvula nayo kulibe. M'zigwa zimenezi chaka chonse siifika mamilimita 250, pamene Lilongwe amalandira oposa 800. Dothi ndi la mchenga ndi miyala. Minda imadalira madzi a m'timitsinje totsika m'mapiri, amene amawapatutsa ndi ngalande kapena mapaipi odontheza. Ubwino wake ndi wakuti chuku, mdani wamkulu wa mphesa, sichipeza pogwira, ndiye mankhwala opopera amachepa. Komanso mlimi ndiye amalamula kuti mpesa umwe liti ndiponso madzi ochuluka bwanji.

Zonsezi n'zoona. Koma pali mfundo imodzi imene ogulitsa sakonda kuitchula. Minda ya ku Médoc, pafupi ndi mzinda wa Bordeaux ku France, kumene kumachokera ena mwa mavinyo ofiira odula kwambiri padziko lonse, ili pafupifupi pa muyeso wa nyanja yamchere. Palibe phiri n'limodzi lomwe. Kumeneko n'kutali ndi mzere wa ikweta, wodula dziko lapansi pakati, pa madigiri 45 kumpoto kwake, ndiye nyengo ndi yofatsa kale. Salta ali pa madigiri pafupifupi 25 kummwera, kufupi ndi madera otentha, ndipo popanda mapiri kukanatentha kwambiri moti mphesa za vinyo wabwino sizikanatheka. Kumeneko phiri likugwira ntchito imene ku France ikugwiridwa ndi kutalikira kwa dzikolo kumpoto. Choncho musamayerekeze manambala a mayiko osiyana ngati mukuyerekeza mitengo ya matumba a chimanga. Ku Ulaya munda wa pa mamita 1,000 amauwerengera kale kuti ndi wa pamwamba zedi. Ku South Africa, minda ya Cederberg pa famu ya Dwarsrivier, ya banja la Nieuwoudt, ili cha m'ma 1,000 ndipo ndi ina mwa minda yokwera kwambiri ku Western Cape, kumagwa chisanu choopsa ngakhale chipale. Sizikutanthauza kuti vinyo wa pa 2,500 amaposa wa ku Cederberg kawiri ndi theka.

Mbiri ya dera limene vinyo wanuyo akuchokera ndi yoyenera kuidziwa, chifukwa alendo akamalipira ndalama zoterozo amafuna kumvako nkhani. Malbec kwawo ndi ku France, makamaka dera la Cahors, kumene amamutchanso Côt. Anafika ku Argentina m'chaka cha 1853 ndi katswiri wa zaulimi wa ku France, Michel Aimé Pouget. Kwawoko mpesa umenewu unavutika. Kachilombo ka phylloxera kanawononga minda kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kenako chisanu cha 1956 chinapha mipesa yambiri ya Malbec ku Bordeaux, alimi ambiri osaibzalanso. Ku Argentina, kouma ndi kwadzuwa, unapeza kwawo kwachiwiri.

Ku Salta dzina lakale ndi Colomé, pafupi ndi Molinos, kumene anayamba kupanga vinyo mu 1831. Malowo anali a Nicolás Severo de Isasmendi, bwanamkubwa womaliza wa Aspanya m'deralo. Mwana wake Ascensión, amene anakwatiwa ku banja la Dávalos, ndiye anabweretsa mipesa ya ku France mu 1854, phylloxera isanafike, ndipo minda yakale ya pamalopo ikubalabe. Mu 2001 malowo anagulidwa ndi Donald Hess, mkulu wa bizinesi wa ku Switzerland, amene anathirapo ndalama zambiri, n'kubzala munda wa pa 3,111 uja, mpaka kumanga nyumba yoonetseramo ntchito za mmisiri wa kuwala James Turrell pakati pa chipululu. Lero Colomé simunganenenso kuti ndi kampani yaing'ono. Koma a banja la Dávalos sanachoke m'deralo. Anapitiriza kupanga vinyo ku Tacuil, chakumtunda pang'ono, pa mamita oposa 2,500, ndipo amadziwika ndi khalidwe lokana kuika vinyo wawo wofiira m'migolo yamatabwa, ati kuti munthu amve kukoma kwa mphesa ndi malo, osati kwa mtengo. Kufupi ndi Cafayate kuli San Pedro de Yacochuya, pa mamita 2,000 ndi pang'ono, kumene banja la Etchart linagwirizana ndi katswiri wa ku Bordeaux, Michel Rolland. Awa njira yawo ndi ina, mphesa zopsa kwambiri, migolo ya mtengo wa oki, vinyo wolemera ndi waukali.

Ndatchula Tacuil ndi Yacochuya dala. Onse ali m'zigwa zimodzi, dzuwa ndi lomwelo, mphesa yaikulu ndi yomweyo, koma mutawalawa motsatizana mungaganize kuti achokera m'mayiko osiyana. Chimene chawasiyanitsa ndi munthu.

Dzuwa lomwe limapatsa vinyo mtundu wokongola lija ndi lomwenso limavutitsa. Shuga amakwera mofulumira pamene njere ndi makoko zikadali zosakhwima. Mlimi akakolola msanga, vinyo amakhala wokhakhala, wonunkha masamba aawisi. Akadikira kuti njere zikhwime, shuga amapitirira, mphesa zina zimayamba kufota, ndipo shuga yenseyo akawira amasanduka mowa. N'chifukwa chake mavinyo ena a ku Salta amafika 15 kapena 16 peresenti, pamene vinyo wofiira wamba amakhala pa 13 kapena 14. Woteroyo akapanda asidi wokwanira amawotcha kukhosi ngati kachasu ndipo amakoma ngati jamu wopserera. Alimi ochenjera amasiya masamba ambiri kuti aphimbe zipatso, ena amayanga mipesa pamwamba ngati chisakasa, njira yakale ya ku Cafayate imene amaitcha parral, kuti zipatso zilendewere mumthunzi. Ena amakolola munda umodzi kawiri kapena katatu, masiku osiyana. Ine mtima wanga uli kwa amene amakolola msangako pang'ono. Ngati ndikulipirira phiri, ndikufuna ndimve kuzizira kwa usiku kuja mu tambula. Vinyo wolemera ndi wotsekemera ndingampeze kuchigwa pa mtengo wotsika.

Kukwera kwambiri nakonso kuli ndi malire ake. Pamwamba pa mamita 3,000 nyengo yokulira imafupika, chisanu chimatha kupha mphukira mu Okutobala kapena kugwira zipatso zisanakololedwe mu Epulo. Ku Altura Máxima anabzalako Pinot Noir ndi Sauvignon Blanc pambali pa Malbec, mitundu imene imapsa msanga. Masiku ano pali ngati mpikisano wa manambala. Ku Jujuy, chigawo choyandikana ndi Salta, kuli minda yoposa mamita 3,300, ndipo mu 2018 buku la Guinness linalemba munda wina wa ku Tibet, pafupi ndi Lhasa, kuti ndiwo wokwera kuposa yonse, pa mamita oposa 3,500. Zimenezo n'zabwino kukambirana pa tebulo, koma palibe wodziwa vinyo amene anganene kuti wa ku Tibet ndiye wokoma kuposa onse.

Tsopano mtengo. Gawo lina ndi loona ndithu. Munda wa vinyo wamba kuchigwa ukhoza kutulutsa matani 15 kapena 20 pa hekitala, okolola ndi makina. Munda wa m'phiri, wa mipesa yakale, kawirikawiri umatulutsa matani osapitirira 5, onse othyola pamanja. Botolo limodzi limadya mphesa zopitirira pang'ono kilogalamu imodzi, ndiye werengerani nokha kuti hekitala ikupereka mabotolo angati. Matalala akagwa kwa mphindi khumi zokha, zokolola za chaka zapita. Msewu wa Ruta 40 m'chigawo cha pakati pa Cachi ndi Molinos kudza kummwera mbali yaikulu ndi wafumbi, ndipo botolo lililonse lopanda kanthu, chitsekerero chilichonse, ngakhale katoni, ziyenera kukwera msewu umenewo kenako n'kutsikanso. Mgolo watsopano wa oki wa ku France, wa malita 225, umagulidwa pafupifupi mayuro 1,000 ndipo umangokwana mabotolo 300. Banja lopanga mabotolo masauzande ochepa lilibe pobisa ndalama zimenezi ngati mmene imachitira kampani yopanga mamiliyoni.

Gawo lina la mtengowo silikhudzana ndi vinyo. Muli sitima, muli lole, muli msonkho wa pachipata, muli phindu la munthu aliyense amene katoniyo yadutsa m'manja mwake, komanso vuto la ndalama zakunja limene nonse a bizinesi mukulidziwa. Mulinso nkhani yokoma ya phiri ija, imene nayo amaigulitsa. Ndipo botolo likakhala lolemera ngati mwala, lokumbika kwambiri kunsi, musatengeke nalo. Galasi lolemera limangokweza mtengo wonyamulira.

Bambo akubweretserani vinyowo muwafunse bwinobwino, mwaulemu koma osachita manyazi. Choyamba, kodi mamita 2,500 ndi a munda kapena ndi a nyumba yopangiramo vinyo? Zimachitika kuti nyumba ili pamwamba koma mphesa zina amakagula kumunsi. Kusakaniza si mlandu. A Colomé amanena poyera kuti Malbec wawo wotchedwa Estate ndi wosakaniza kuchokera m'minda ya pamalo okwera mosiyanasiyana, ndipo ndi vinyo wabwino. Cholakwika n'kulemba nambala ya munda wapamwamba wokha ngati kuti mphesa zonse zachokera kumeneko. Wopanga woona mtima amalemba dzina la munda, chaka chokolola, ndipo ena amalemba ngakhale chiwerengero cha mabotolo. Dziwaninso kuti lamulo la ku Argentina limalola kulemba kuti Malbec ngati mphesa imeneyi yakwana magawo 85 pa 100, otsalawo akhoza kukhala Cabernet Sauvignon kapena Tannat, zimene zimalimidwanso kwambiri ku Salta. Kenako yang'anani mphamvu ya mowa pa pepala la kumbuyo. Ikapitirira 15, ganizirani kawiri, chifukwa alendo anu adzamwera pakhonde kunja kukutentha.

Funso limene ndimaliona lofunika kuposa onsewa ndi la njira. Vinyoyu wayenda bwanji, ndipo wakhala kuti? Ndikuuzeni zimene zinandichitikira. Chaka china ndinathandiza mnzanga wa lesitilanti ku Lilongwe kuitanitsa makatoni angapo a vinyo wofiira wabwino amene ndinali nditamulawa ndekha ku Johannesburg. Kampani yonyamula katundu, imene sindiitchula, inamukweza pa lole ya tenti mu Novembala. Loleyo inadutsa ku Tete, ndipo amene anadutsako nyengo imeneyo akudziwa mmene kumawotchera, kenako inaima masiku angapo pachipata kudikira mapepala. Titatsegula makatoni tinapeza zitsekerero zina zitatukuka, mabotolo ena ali ndi mzere womata wa vinyo wouma m'khosi. Ngakhale amene ankaoneka abwinobwino anali atatha. Fungo la maluwa lija kunalibe, kunangotsala kukoma ngati kwa zipatso zophika. Tinathera kuphikira nyama. Vinyo akatenthedwa amafufuma n'kukankha chitsekerero, akazizira amakoka mpweya, ndipo mpweya umenewo ndi umene umamukalambitsa. Kutentha kopitirira madigiri 30 kwa masiku angapo n'kokwanira kuwononga. Chowawa n'chakuti chimene chimayamba kufa ndi kutsitsimula kuja kumene munalipirira.

Choncho musanagule katoni, gwirani botolo m'manja. Papasani pamwamba pa chitsekerero, pakhale pafulati, osati potukuka. Zunguzani kachipewa kachitsulo kaja, kakamatirira mwina vinyo anadontha. Onani ngati vinyo wafika m'khosi mwa botolo. Ndiyeno gulani awiri okha kaye. Limodzi mulitsegule limodzi ndi ophika anu ndi operekera zakudya, pambali pa vinyo wanu wa masiku onse ndi vinyo wofiira wa Shiraz wa ku Cederberg ngati mungampeze. Wina athire m'matambula kuseri kuti olawa asadziwe kuti uyu ndi uti. Mwa vinyo wa kumapiri wosungidwa bwino muyembekezere zinthu zitatu pamodzi, mtundu wakuda, kukhakhala kosalala kosakanda, ndi malovu kutuluka m'kamwa mukameza. Kukoma kwake kukhalitse, muwerenge mpaka 20 kapena 30 kusanathe. Ngati anthu asanu akulephera kumusiyanitsa ndi wa masiku onse, mabotolo anayi aja ndi abwino kuposa limodzili. Wogulitsa amene amakhulupirira katundu wake sakana kuti mulawe kaye.

Kunena zoona, kwa malo ngati anu ine ndikanayamba ndi wa ku Cederberg kapena madera ena ozizira a ku Cape monga Elgin ndi Ceres. Ulendo wake ndi waufupi, ogulitsa ndi ambiri, ndipo chidindo cha Wine of Origin chili pakhosi pa botolo chimatsimikiza kuti mphesa zonse zachokera kudera lalembedwalo. Wa ku Salta akhale wapadera, mabotolo ochepa, wa mlendo amene wabwera kudzakondwerera chinachake.

Kasungidwe. Vinyo amafuna madigiri 12 mpaka 15, mdima, ndi bata. Ku Salima zimenezo mungazipeze mu firiji ya vinyo yokha, ndipo ndi kuthimathima kwa magetsi iyenera kukhala pa sola kapena pa jenereta. Ngati mulibe, firiji wamba ndi yabwino kuposa shelefu ya mu bala. Imazizira mopitirira, inde, koma kwa miyezi iwiri kapena itatu palibe chimene chiwonongeke. Choopsa n'kutentha ndi kuzizira mosinthanasinthana. Popanda firiji, sankhani chipinda cha pakati pa nyumba chimene khoma lake siliwombedwa dzuwa, muike mabotolo pansi pa simenti, chogona, m'katoni yawo kapena m'bokosi losungira zozizira. Chogona n'cholinga choti chitsekerero chisaume. Kukhitchini ayi, pafupi ndi malata ayi. Mabotolo oonetsera alendo pa shelefu akhale opanda kanthu.

Pothira, iwalani zija amati vinyo wofiira amamwedwa pa kutentha kwa m'chipinda. Mawu amenewo ananenera zipinda za ku Ulaya. Malbec wotere amafuna madigiri 16 mpaka 18. Ngati anali panja, alowe mu firiji kwa mphindi 30 kapena 40. Ngati anali mu firiji, atuluke mphindi 20 asanathiridwe. Pa tebulo musaope kumuika mu ndowa ya madzi ozizira, ngakhale mlendo wina adzakuyang'anani modabwa. Akakhala wa zaka zosapitirira zisanu, mutsanulireni mu jagi yagalasi yoyera ola limodzi chakudya chisanafike kuti apume, kukhakhala kumafewa. Thirani pang'ono, gawo limodzi mwa atatu a tambula. Operekera anu adziwenso kuti tambula ya 15 peresenti si yofanana ndi ya 12, makamaka kwa mlendo amene ayendetse galimoto kubwerera ku Lilongwe usiku womwewo.

Pa chakudya, tannin amafuna nyama ndi mafuta. Ku Salta komweko amamwera nyama ya mbuzi yowotcha, nyama ya ng'ombe ya pamakala, timikate tokhala ndi nyama m'kati totchedwa empanadas, ndi locro, chakudya cha chimanga, nyemba ndi nyama chophika nthawi yaitali. Ndiye simukufunika kusintha zambiri. Mbuzi yowotcha, mchira wa ng'ombe wophika mpaka kufewa, nkhuku ya lokolo yokazinga bwino, zonsezi zimayenda naye, ndi nsima yomwe. Chimene sindingakulangizeni ndi chambo. Vinyo wofiira wotere akakumana ndi nsomba m'kamwa mumamveka ngati mwanyambita chitsulo, ndipo mudzawononga zinthu ziwiri zabwino nthawi imodzi. Ngati bamboyo ali ndi Torrontés, vinyo woyera wonunkhira maluwa amene Cafayate amatchuka naye, ameneyo ndiye mnzake wa chambo, ndipo mtengo wake ndi wotsikirapo. Tsabola wa kambuzi nayenso muchepetse pa mbale ya munthu amene waitanitsa Malbec, chifukwa mowa waukali umakuza moto wa tsabola.

Mwina mukudzifunsa, monga amandifunsira ambiri, kuti nanga ife tili ndi Dedza, Zomba ndi Nyika, bwanji osabzala. Kutalika tili nako, chotivuta ndi mvula. Yathu imagwa kuyambira Disembala mpaka Malichi, nthawi yomwe mphesa zikanakhala zikupsa, ndipo mphesa yakupsa ikanyowa imang'ambika n'kuola. Mpesa umafunanso chisanu chenicheni kuti ugone. Ku Dodoma ku Tanzania amalima mphesa za vinyo pa mamita pafupifupi 1,100 ndipo amakolola kawiri pachaka, koma kumeneko n'kouma kuposa mapiri athu.

Mukaganiza zogula, musamugulitse pa tambula. Botolo lotsegula limakhala masiku awiri kapena atatu mu firiji, kenako latha, ndipo matambula awiri otsala ndiwo phindu lanu lonse. Mugulitseni wathunthu, ndipo pa pepala la zakumwa mulembepo mzere umodzi wonena kumene wachokera ndi kuti mundawo ndi wokwera ngati nsonga ya Nyika. Nthawi yoitanitsa ndi Meyi, kuti ayende panjira kukuzizira ndipo agulitsidwe mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, pamene mwera ukuwomba ndipo alendo akufuna chofunditsa m'thupi madzulo. Muyambe ndi mabotolo asanu ndi limodzi. Pofika pakati pa Seputembala, amene atsala alowe mu firiji kapena muwatsitse mtengo, asaone Okutobala ali pa simenti.